Woyembekezera akamva kupweteka kunsi kwa nthiti, musathamangire soda

Pali madandaulo amene pafupifupi mayi aliyense woyembekezera amakhala nawo m'miyezi yomaliza, ndipo kuno ku Nkhata Bay lililonse lili ndi yankho lake lodikiriratu. Miyendo ikatupa timati mwana ndi wamkulu, mwinanso ndi mapasa. Mutu ukamapweteka timati ndi dzuwa la kunyanja kapena malungo, tikatero timatuma mwana kukagula panado pagolosale. Pamtima pakamawotcha timaseka n'kumati mwanayo adzabadwa ndi tsitsi lambiri, kenaka timasungunula soda wa therere m'kapu kuti mayiyo amwe.

Kawirikawiri sipachitika choopsa chilichonse. Mayi amachira bwinobwino, tonse n'kuiwala. Koma madandaulo omwewa ndi amenenso amabwera ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, amene kuchipatala timawatchula kuti preeclampsia. Anthu ambiri amadziwa kuti matendawa akakula mayi amaphupha ngati wakhunyu. Ndi ochepa amene anamvapo kuti amathanso kung'amba chiwindi, mayi n'kumataya magazi m'mimba momwemo, kunja osaoneka ngakhale dontho limodzi.

Ndinagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zoposa 30, zambiri mwa izo m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, ndipo pano ndinapuma, ndikukhala paboma pano. Pazaka zonsezo, kung'ambika kwa chiwindi ndinakuona ndi maso anga kamodzi kokha. Ndi vuto losowa ndithu. Mabuku a zachipatala amati limagwera mayi mmodzi mwa amayi oyembekezera 45,000 kapena kuposerapo. Ndaganiza zolemba za vutoli chifukwa silibwera mwakachetechete. Limachenjeza, nthawi zina kwa masiku angapo, ndipo chenjezo lake ndi lomwe lija timalithira soda.

Gwero lake lili m'nsengwa

Preeclampsia imayamba mimba ikapitirira masabata 20. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amagwira amayi 2 mpaka 8 mwa amayi oyembekezera 100 aliwonse. Kusikelo timawazindikira BP ikafika pa 140/90 kapena kupitirira apo, ndipo mkodzo ukayezedwa umapezeka ndi puloteni, chizindikiro choti impso zayamba kutaya zimene zimayenera kusunga. BP ikafika pa 160/110 ndiye kuti mayi ali pangozi tsiku lomwelo, angakhale akuyenda ndi kucheza bwinobwino.

Chiyambi cha zonsezi ndi nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana. Mimba ikangoyamba, nsengwa imamera mizu m'chiberekero ndi kufutukula mitsempha ya mayi kuti magazi ochuluka azifika kwa mwana mosavuta. Mwa amayi ena mizuyo silowa mokwanira. Mwana akamakula nsengwa imayamba kuperewedwa magazi, ndipo imatulutsa zinthu zina zimene zimalowa m'magazi a mayi n'kumawononga m'kati mwa mitsempha m'thupi lonse. Mitsempha imafinyika, BP n'kukwera. Imayambanso kudontha madzi, n'chifukwa chake nkhope ndi manja zimatupa mpaka mphete kukanika kutuluka. Vutoli likafika ku ubongo mutu umapweteka osamva panado, maso amaona zothwanima kapena chifunga, mapeto ake n'kuphupha.

Poti gwero ndi nsengwa, matendawa amayamba kutha pokhapokha mwana ndi nsengwayo zatuluka. Mankhwala onse amene timapereka ndi ongoteteza mayi kufikira nthawi imeneyo. Choncho palibe amene walodza, ndiponso si chifukwa choti bambo a mwana anayenda njira zosayenera, monga zimanenedwera m'makomomu. Matendawa sasankha wosauka kapena wolemera. Katswiri wothamanga wa ku America, Allyson Felix, mayi wamphamvu wokhala ndi madokotala apamwamba, anapezeka nawo mu 2018 ndipo anam'chita opareshoni mimba ili ndi masabata 32 okha.

Chiwindi chimang'ambika bwanji?

Aliyense amene anasendapo mbuzi amachidziwa chiwindi: chofewa, chodzaza magazi, chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala konyezimira. Cha munthu chili chimodzimodzi. Chimakhala kumanja, kunsi kwa nthiti, chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo mphindi iliyonse mumadutsa magazi opitirira lita imodzi.

Mwa amayi ena preeclampsia imakula n'kufika pa mtundu woopsa umene dokotala wa ku America, Louis Weinstein, anaupatsa dzina loti HELLP mu 1982. Zilembozi zikuimira zinthu zitatu zimene zimaoneka magazi a mayi akayezedwa: maselo ofiira a magazi akusweka, chiwindi chikuwonongeka, komanso ma platelet achepa. Ma platelet ndi tizidutswa ta m'magazi timene timathamangira pabala kukatseka kuti magazi asiye kutuluka. Munthu wabwinobwino akayezedwa amakhala nato topitirira 150,000, pomwe mayi wa HELLP timatsika kufika pansi pa 100,000, nthawi zina pansi kwambiri.

M'chiwindi, timitsempha ting'onoting'ono timatsekeka. Mbali zina za chiwindi zimasowa magazi n'kuyamba kufa, zina zimachucha magazi. Magaziwo amasonkhana pansi pa kachikopa kaja n'kumakafufumitsa ngati thuza. Kukokeka kwa kachikopako ndi kumene mayi amakumva ngati kupweteka pamtima kapena kumanja kunsi kwa nthiti. Nthawi zina ululuwo umakamveka paphewa lakumanja, chifukwa mnofu wopumira umene uli pamwamba pa chiwindi umalumikizana ndi phewa kudzera mu mtsempha umodzi. Popeza ma platelet ndi ochepa, palibe chotseka kuchuchako, ndipo thuza lija limangokulirakulira.

Likaphulika, zinthu zimasintha m'mphindi zochepa. Mayi amayera m'manja ndi m'maso, amatuluka thukuta lozizira, mtima umagunda mothamanga koma mofooka, mimba imatupa ndi kulimba. Chopusitsa kwambiri n'chakuti BP yomwe inali pamwamba imatsika, ndipo wosadziwa atha kukondwera kuti mankhwala agwira ntchito, chonsecho magazi akuthera m'mimba. Thuzalo limatha kuphulika lokha, komanso kusanza mwamphamvu, kuphupha, kugwa, kapena kudinikiza mimba kungalifulumizitse. Vutoli si lachilendo kwa madokotala. Woyamba kulilemba anali dokotala wina dzina lake Abercrombie mu 1844, koma mpaka lero limaphabe amayi ndi ana ambiri mwa amene lawagwera, ngakhale m'mayiko olemera.

Pali zinthu zina ziwiri zoyenera kudziwa. Choyamba, amayi ena a HELLP BP yawo sikwera kwambiri, choncho kupweteka kwa m'nthiti pakokha n'kokwanira kuti mayi akaonedwe. Chachiwiri, pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu a HELLP amayamba kudwala atachira kale, makamaka m'masiku awiri oyamba. Iyi ndi nthawi imene tonse maso ali pa khanda, ndipo mayi akadandaula timati ndi cham'mimba chabe.

Anthu amandifunsa kuti angasiyanitse bwanji ululu umenewu ndi chilungulira. Chilungulira chimawotcha, chimakwera chakukhosi, chimabwera munthu akadya kapena akagona, ndipo chimamva mankhwala. Ululu wa chiwindi ndi wam'kati, wolemera, sukuchoka, umatha kulasa kumsana kapena paphewa, ndipo umabwera ndi mseru kapena kusanza m'miyezi imene kusanza kunayenera kutha kalekale. Komabe ngakhale ife azamba sitidalira maso okha. Timayeza BP, mkodzo ndi magazi. Pakhomo palibe njira yotsimikizira, ndiye musayese kuweruza nokha.

Mayi amene anabwera paboti

Amene ndinamuona ine anali mayi wa ana anayi, ali ndi mimba yachisanu ya miyezi isanu ndi itatu. Ankachokera m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, kumene galimoto sifika. Inali nyengo ya mwera. Ululu unamuyamba Lachisanu. Apongozi ake anamupatsa soda, kenaka madzi a phulusa, ndipo ataona kuti sizikusintha anayamba kumuthowa ndi nsalu yamadzi otentha, n'kumasisita pomwe pankapwetekapo. Mwamuna wake anali ku Joni, monga zilili ndi mabanja ambiri kwathu kuno, ndipo panalibe wolamula kuti ndalama ya mafuta a boti ituluke. Lamlungu nyanja inakwiya, palibe mwini boti anavomera kunyamuka. Anafika kuchipatala chimene ndinkagwirako ntchito Lolemba masana, atamunyamula pamphasa.

Nditamuyeza BP inali 90/60, manja ali zii. Mtima wa mwana sunkamveka. Tonse tinaona kuti akutaya magazi m'kati, ndipo tinathamangira naye ku fiyeta tikuganiza kuti mwina chiberekero chang'ambika kapena nsengwa yachoka pamalo pake. Dokotala atatsegula, m'mimba munali modzaza magazi, koma chiberekero chinali chabwinobwino. Anapisa dzanja chakumtunda kumanja, n'kutiyang'ana. "Ndi chiwindi," anatero. Anatulutsa mwana amene anali atamwalira kale, n'kuyamba kutsendera nsalu za opareshoni mozungulira chiwindicho kuti magazi aime. Tinamuika magazi onse amene tinali nawo, abale ake awiri anaperekanso awo. Magazi ake omwe anali atasiya kugwirana. Anatisiya kusanache.

M'mawa mwake apongozi aja anandipeza pakhonde la wodi. Anagwada pansi, manja ali kumutu. "Anesi, ife timayesa n'chilungulira. Mimba zinayi zonse zija ankadwala chomwechi, n'kumachira bwinobwino."

Sindinawaimbe mlandu tsiku limenelo, ndipo sindikuwaimba mlandu lero. Anachita zomwe amayi awo anawaphunzitsa, ndipo anazichita mwachikondi. Panalibe amene anawauzapo kuti ululu wa pamalo amenewo ungakhale ndi tanthauzo lina. Buku la kuchipatala la malemuwo linaonetsa kuti kusikelo anapitako kawiri, komaliza miyezi iwiri m'mbuyomo. Amayi amene abereka kangapo amadzidalira, ife tonse n'kuwadaliranso, chonsecho kung'ambika kwa chiwindi kumakonda kugwera iwowo, makamaka amene apitirira zaka 30.

Usiku wina pakhomo panga

Chaka chatha, cha m'ma 9 koloko usiku, mayi woyandikana nane nyumba anagogoda pachitseko.

"Odi anesi! Pepani takudzutsani. Mulibeko mankhwala oyera aja a chilungulira? Mpongozi wanga sakugona, akuti pamtima pakumupweteka kuyambira dzulo."

"Mimba ili ndi miyezi ingati, amama?"

"Yangotsala pang'ono. Akuti mwezi wamawa."

"Mankhwala ndilibe, koma tiyeni ndikamuone."

Ndinatenga makina anga oyezera BP. Mtsikanayo, wa mimba yoyamba, ndinamupeza atakhala pamphasa atatsamira khoma, dzanja lili kunsi kwa bere lakumanja. Nkhope inali yotupa moti maso anachepa. Ndinamufunsa za mutu, anati ukupweteka kuyambira m'mawa. Anali atasanzanso kawiri. BP inali 170/115. Ndinadikira pang'ono n'kuyezanso, sizinasinthe.

"Mwana wanga, bwanji sunanene msanga?"

"Ndimaopa kuti aziti ndine wamantha, agogo. Anzanga onse amati mimba ndi choncho."

Mwamuna wake anafunsa ngati sizingatheke kudikira kuti kuche, poti galimoto ya hayala usiku imadula. Ndinamuuza kuti ndalama ya hayala angathe kuibweza mwezi wamawa, koma za mkazi wake sindingalonjeze kuti zidikira mpaka m'mawa. Anafuna kuitana njinga yamoto ya kabaza, ndinakana, chifukwa mayi wotere atha kuphupha panjira, komanso kugwedezeka sikufunika. Tinapeza galimoto, tinamugoneka chammbali chakumanzere, ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko anamwino sanachedwe. Anamubaya magnesium sulphate woteteza kuphupha, anamupatsa mankhwala otsitsa BP, mkodzo unapezeka ndi puloteni wambiri, ndipo magazi anaonetsa kuti ma platelet atsika. Usiku womwewo anam'chita opareshoni. Mwana anabadwa wamng'ono koma wamoyo, anakhala masiku angapo pachifuwa cha amayi ake mwa njira ya kangaroo. Patapita masiku ochepa magazi a mayiyo anabwerera m'chimake ndipo ululu uja unatheratu. Chiwindi chake chinali chitayamba kudandaula, koma sichinafike pong'ambika. Lero mwanayo akuyenda, amabwera kudzandisokonezera ndiwo zanga padimba.

Amayi awiriwa anadwala matenda amodzi. Wina anafika kuchipatala patatha masiku atatu, wina patatha tsiku limodzi.

Mankhwala alipo, vuto ndi mtunda ndi magazi

Preeclampsia ikapezeka msanga, zida zolimbana nayo si zodula. Magnesium sulphate ndi mankhwala akale. Kafukufuku wamkulu wotchedwa Magpie, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 ndipo anakhudza amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa chiopsezo cha kuphupha ndi kuposa theka. Otsitsa BP monga methyldopa, nifedipine ndi hydralazine ndi odziwika m'zipatala zathu. Mimba ikakhala isanakwane masabata 34, mayi amabayidwanso jakisoni wothandiza kuti mapapo a mwana akhwime msanga. Kenaka madokotala amasankha nthawi yoti mwana abadwe. Abale ena amakana, amati masiku sanakwane. Ndimawamvetsa, koma HELLP ikayamba kudikira sikuthandiza mwana, chifukwa moyo wake uli m'thupi la mayi amene akudwalayo.

Chiwindi chikang'ambika nkhani imakhala ina. Pamafunika dokotala wa opareshoni wodziwa kutsendera nsalu pachiwindi, opareshoni yachiwiri yochotsa nsaluzo pakapita tsiku limodzi kapena awiri, chipinda cha odwala kwambiri, ndi magazi mabotolo ambiri pamodzi ndi ma platelet. Izi ndi za chipatala chachikulu. Kwa ife kuno, kuchoka pachipatala cha boma ku Mkondezi kukafika ku Mzuzu Central Hospital ndi ulendo wa makilomita osachepera 40, wokwera mapiri. Ganizirani tsono mayi wa ku Usisya kapena ku Ruarwe, amene njira yake yodalirika ndi nyanja, kapena wa ku Likoma ndi Chizumulu, kumene sitima ya Ilala simabwera tsiku lililonse. Wa kumapiri a Chikwina nthawi ya dzinja ali ndi mavuto akenso. Mayi amene chiwindi chake chaphulika ali kumalo otere alibe maola okwanira ulendowo. Chipulumutso chake chili pa kunyamuka thuza lisanaphulike, pamene akungoti pamtima pakupweteka.

Za magazi nazo n'zofunika kuzinena. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lili ndi nthambi ku Mzuzu, limadalira kwambiri ana asukulu, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa m'dziko lonse. Ma platelet ndiye sasungika nthawi yaitali, amatha mphamvu pakangopita masiku asanu. Munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65 angathe kupereka magazi. Ndimaona anyamata amphamvu padoko, akunyamula matumba a usipa ndi kukoka makoka, koma galimoto ya a magazi ikabwera amabalalika. Mayi mmodzi wong'ambika chiwindi angafune magazi a anthu khumi. Amene adzamupulumutse ndi anthu omwe anapereka sabata yatha, osamudziwa n'komwe.

Sikelo si yongolandirirako neti

Dziko lathu layenda ulendo wautali pa uchembere wabwino. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza kuti mu 2004 amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Mu 2010 chiwerengerocho chinali 675, ndipo mu 2015 mpaka 2016 chinatsika kufika pa 439. Kafukufuku womalizayu anapezanso kuti amayi 91 mwa 100 aliwonse ankachilira kuchipatala. Mafumu anathandiza kwambiri pa izi, makamaka kuyambira mu 2012 pamene boma la mayi Joyce Banda linalimbikitsa uchembere wabwino ndi kumanga nyumba zodikirira. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo amene ankapitako kanayi kapena kuposa anali theka chabe. Tinaphunzira kukachilira kuchipatala, koma sikelo timaitengabe mopepuka.

Kuyambira mu 2016, WHO imalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndipo maulendo ambiri mwa amenewa ali m'miyezi itatu yomaliza. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi matenda omwewa. BP yabwino ya mwezi watha sinena kanthu za lero. Preeclampsia imatha kuyamba ndi kukula m'sabata imodzi.

Kuyamba msanga kuli ndi phindu linanso. Pali amayi amene ali pachiopsezo chachikulu: amene anadwalapo matendawa pa mimba yam'mbuyo, amene ali ndi BP kapena shuga kale, odwala impso, oyembekezera mapasa, a mimba yoyamba, achikulire, onenepa kwambiri, ndi amene amayi awo kapena achemwali awo anadwalapo. Ena mwa amenewa adokotala amawapatsa asipirini wa mlingo wochepa tsiku lililonse, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa mimba isanakwane masabata 20. Uyu si asipirini wogula nokha pagolosale, ndi wolemberedwa kuchipatala. Mankhwala a calcium nawo amachepetsa chiopsezo kwa amayi amene chakudya chawo chilibe calcium wokwanira. Ife a kunyanja tili ndi mwayi, chifukwa usipa wodyera kumodzi ndi minga yake uli ndi calcium, choncho mayi woyembekezera asamanidwe usipa pa kondowole wake. Kusiya mchere kokha, kumene ambiri amalimbikira, sikuteteza matendawa.

Kwa inu amayi oyembekezera, mukapita kusikelo funsani nambala ya BP yanu, ndipo onetsetsani kuti yalembedwa m'buku. Ngati makina palibe tsiku limenelo, funsani kumene mungakayezetse, musangobwerera. Nenani chilichonse chimene mukumva. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Kwa anzanga amene mukadali pantchito, ndikudziwa kutalika kwa mzere ndi kuchepa kwa manja. Komabe mayi wa miyezi yomaliza akanena za pamtima, muyezeni BP ndi mkodzo musanalembe mankhwala a chilungulira. Malungo nawo amapweteketsa mutu ndi kutsitsa ma platelet, ndiye kupezeka kwa malungo kusatitseke maso, mayi atha kukhala ndi zonse ziwiri.

Zoyenera kuchita pakhomo

Mayi amene mimba yake yapitirira miyezi isanu, kapena amene wachira m'masabata asanu ndi limodzi apitawa, apite kuchipatala nthawi yomweyo akaona chimodzi mwa izi: kupweteka pamtima kapena kumanja kunsi kwa nthiti kosachoka, kupweteka paphewa lakumanja kopanda chifukwa, mutu wosamva mankhwala, kuona zothwanima kapena chifunga, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, kusanza m'miyezi yomaliza, kubanika, mkodzo wochepa kapena wakuda, magazi m'nkhama, ndi mwana kuchepetsa kugunda. Musadikire kuti zizindikiro zichuluke. Chimodzi n'chokwanira, kaya ndi usiku, kaya ndi Lamlungu.

Pokonzekera ulendo, musamuthowe kapena kumusisita pamimba, musamumange nsalu yothina, ndipo musamupatse brufen, indocid kapena mankhwala azitsamba. Agone chammbali chakumanzere. Akaphupha musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ingomutembenuzirani chammbali kuti asatsamwe. Tengani buku lake la kuchipatala ndi abale awiri kapena atatu amene angapereke magazi. Mukafika musaime pamzere. Pitani kwa namwino mukanene mawu awa: ndi woyembekezera, akumva kupweteka kunsi kwa nthiti.

Abambo amene muli ku Joni, ku Tanzania kapena kunyanja kwa masabata, siyani ndalama ya ulendo m'manja mwa mkazi wanu kapena amayi anu, ndipo nenani poyera kuti akadwala asadikire foni yanu. Amayi a kumidzi yofikika paboti pokha, pitani kuchidikiro mwezi womaliza usanafike pakati, makamaka nyengo ya mwera. Mafumu athu ndi makomiti a zaumoyo m'midzi, gwirizanani ndi eni maboti kuti pakhale mafuta osungira odwala, ndi kuti dzina la wonyamula lidziwike ngozi isanagwe. Mipingo ndi magulu a banki m'khonde angathe kusonkherana kugula makina a BP amodzi, n'kupempha alangizi a zaumoyo kuti aphunzitse anthu awiri kapena atatu kagwiritsidwe ntchito kake. Mtengo wake sufika pa zomwe timawononga pamaliro amodzi.

Mayi amene anadwalapo preeclampsia asaiwale akachira. Ayezetse BP m'masiku oyamba ndi pa masabata asanu ndi limodzi, apitirize kuyezetsa chaka ndi chaka chifukwa ali pachiopsezo chodzadwala BP m'tsogolo, ndipo pa mimba yotsatira akanene mbiri yakeyo pa ulendo woyamba wa sikelo.

Mawu anga omaliza apite kwa apongozi ndi agogo anzanga, chifukwa m'nyumba zambiri ndife amene timayamba kuuzidwa. Mtsikana sapita kwa mwamuna wake kukanena za pamtima, amabwera kwa ife. Zimene tinganene pa mphindi imeneyo ndi zimene banja lonse litsatire. Tikati n'chilungulira, onse agona. Tinabereka ana ambiri ndipo tikudziwa zambiri, koma m'kati mwa nthiti za mwana wa eni sitingaonemo. Tiyeni tizimuperekeza akayezedwe. Akakapezeka kuti n'chilungulira chabe, tidzakhala tataya ndalama ya galimoto ndi tulo ta usiku umodzi, ndipo tidzabwerera kunyumba tonse.

Mzamba wopuma pantchito,
Nkhata Bay